Nsapato Zimene Ababa Anakonza

Ababa anafika ku South Bend, kuno ku Amereka, ndi sutikesi imodzi, jekete yawo ya ku tchalitchi ndi kabulashi ka nsapato. Asananyamuke ku Dowa anali atandiuza kale pa foni kuti sakudzera ine. Ine anandiona mokwanira ndikukula. Ankadzera mdzukulu wawo, mwana wanga wamkazi, yemwe anabadwira kuno ndipo anali asanamugwirepo dzanja.

Zinavuta tsiku loyamba lomwelo. Mwana wanga Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi ngati anzake onse okulira kuno. Ababa Chingerezi chawo n'cha moni ndi nyimbo ziwiri za kwaya. Atangomuona anatambasula manja n'kunena kuti, "Akazi anga aja ndi awa? Bwerani kuno mundilandire!" Kwathu gogo aliyense amaseleula mdzukulu wake motero. Koma mwanayo anamva liwu lililonse, anatong'ola maso n'kuthawira kuchipinda. Ndinamufotokozera kuti n'zocheza, iye anangogwedeza mutu. Kuchokera pamenepo ankapereka moni ataima patali, ababa akamufunsa kanthu iye n'kuyang'ana ine. Masabata ankatha. Mlendo ndi mame, ndipo ndinkaopa kuti abwerera kwawo osacheza naye ngakhale kamodzi mwana amene anawolokera nyanja.

Mtima wa mwanayo unali ku gule wa tapu. Uyu ndi gule wovina ndi nsapato zokhala ndi zitsulo ziwiri, china kuzala china kuchidendene, ndipo phazi likamenya thabwa limalira. Ankaphunzira pamwamba pa sitolo ina m'tauni, kufupi ndi chipatala chimene ndimagwirako unamwino. Mphunzitsi wawo anali mayi wachikulire, Mmereka wakuda, wa imvi mutu wonse. Pokwera masitepe ankagwira khoma ndi kudandaula mawondo, koma akangovala nsapato zija ukalamba unkatsala pa mpando. Loweruka ndikaweruka ndinkakhala pakona ndi yunifolomu yanga, ndikuti ndingodikira mwana, koma zoona zake ndinkapitira mayiyo.

Sankaphunzitsa mapazi okha. Ankawaimitsa ana pakati pa gule n'kuwauza kumene guleyo anachokera. Ankati makolo ake akale anabwera kuno ali akapolo, ndipo m'madera ena analandidwa ng'oma, koma mapazi panalibe wowalanda. Anayamba kuimba ndi pansi. Pambuyo pake anakhala moyandikana ndi amphawi ochokera ku Ireland, amene ankavina thupi lili chilili, miyendo yokha ikuthamanga. Awa anaba za awa, awo anaba za awo, gule n'kubadwa. Ankawaonetsa mitundu yake: wina wopepuka, wovinira kuzala, manja ali m'mwamba ngati wa pa siteji, wina wolemera, mawondo atapinda, chidendene chikugunda pansi. Iye ankakonda wachiwiriwo. Ankati bambo ake ankavina umenewo m'nyumba zoimbira nyimbo za jazi za pa Indiana Avenue ku Indianapolis, ndipo akamaunena maso ake ankawala. Ine ndinkamvetsera tsitsi likunyanyuka, chifukwa mawondo opindawo ndinkawadziwa. Ndinakula ndikuwaona.

Ababa pa unyamata wawo anali katswiri wa mganda. Gule ameneyu anthu akwathu anamuyamba potengera perete wa asilikali obwera ku nkhondo: mizere yowongoka, kabudula woyera, sokosi zofika m'mawondo, ng'oma yaikulu pakati. Anaba kuguba kwa mzungu n'kukupinda mpaka kukhala kwathu. Ababa ankaima mzere wakutsogolo, ndipo mpaka lero iwo amaweruza munthu poyang'ana nsapato. Ndinawapempha kangapo kuti tipite akaone mdzukulu wawo akuvina. Anakana. "Gule wanji wovinira m'nyumba, wopanda ng'oma?" Iwo tapu ankangomudziwa ngati phokoso lochokera kuchipinda cha mwana, limene linkachititsa bambo wokhala m'nyumba ya pansi pathu kugogoda denga lake ndi tsache. Kugogoda kumeneko ababa kunkawachititsa manyazi kwambiri.

Kumapeto kwa chaka cha sukulu, ana a mayi uja anaitanidwa kukavina ku Indianapolis pamodzi ndi magulu ena, ndipo mwana wanga anapatsidwa gawo lovina yekha. Lachisanu loti mawa lake tipite, ine ndinali ku ntchito, iye kusukulu, nsapato atazisiya pakhomo kuti asaziiwale. Ababa anatsala okha ndi nsapatozo.

Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake. Anazitenga kuti azipolishe, n'kupeza kuti zitsulo zikugwedera. Sankadziwa kuti ovina tapu amasiya dala masikuluwu osamangitsa kuti chitsulo chizilira bwino. Kwa iwo nsapato inali itaonongeka, ndipo mayi wake wa mwana anali wosasamala. Kwathu chitsulo amachikhomera ku chidendene kuti nsapato isathe msanga, ndiye anaganiza kuti ntchito yake ndi yomweyo, ndipo mphira ingaigwire bwino popanda kuvutitsa anthu. Anamasula zitsulo zonse. Anapeza tayala lakale la njinga ya mwamuna wanga, analidula bwinobwino ndi lezala, anamata ndi guluu, n'kupolisha nsapatozo mpaka kudzionera nkhope. Amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Wathuyu anabwera nako ndithu.

Loweruka m'mawa, titavala kale kuti tizinyamuka, ababa anatuluka ndi nsapatozo atazigwira ndi manja awiri, akumwetulira. Mwanayo anadabwa ndi kuwala kwake. Anazivala, anamenya pansi. Zii. Anamenyanso. Kenaka anatembenuza phazi n'kuona tayala.

Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anangokhala pansi pomwepo misozi ikuyenderera, n'kundiuza m'Chingerezi, motsitsa, kuti sakupita ndipo safuna kuwaonanso agogo akewo. Ababa mawuwo sanawamve, koma nkhope anaiona.

"Ababa, mwatani?" ndinatero. "Zitsulo zija ndiye gule wake! Mwana wakhala akupulakitisa chaka chonse, inu mwamuchotsera ng'oma!"

Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono. Anafunsa kuti, "Ng'oma?" Anayang'ana nsapato, anayang'ana mwana. Sindinawaonepo ababa atachepa ngati tsiku limenelo, ndipo ndinawamvera chisoni ngakhale ndinali nditakwiya.

Mwayi wake munthu wa kwathu sataya chitsulo. Anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kampango komanga mfundo. M'menemo munali zitsulo zonse zinayi ndi masikuluwu ake. Ankati akazigwiritsa ntchito kumudzi. Nthawi yofunafuna wokonza nsapato panalibe. Ndinamukweza mwanayo kutsogolo mochita kumukankha, ababa kumbuyo ndi nsapato, lezala ndi sikuludiraiva, ine n'kuliza galimoto.

Msewu wa ku Indianapolis ndi wautali, minda ya chimanga mbali zonse. Masiku ena ababa sankatha kudutsa munda osaunenera kanthu, koma tsikulo sanadzutse mutu. M'galimoto munkangomveka kukwecha kwa lezala. Guluu anali atagwira zolimba, pakuti ababa sagwira ntchito yachibwana. Pagalasi ndinawaona akuyamwa chala chimene anadzicheka, n'kupitiriza. Mwanayo anayang'ana pawindo njira yonse.

Titalowa mumzinda ndinaima pa Lafayette Road, kutsogolo kwa sitolo imene timagulako ufa ndi nsomba zouma. Ababa anali atabwezeretsa zitsulo zonse. Mwanayo amayenda ndi kathabwa koyesererapo m'buti ya galimoto, ndiye ndinakaika pansi. Anavala nsapato, anamenya. Zinalira, koma mogontha, ngati wagogoda chitseko chonyowa. Ababa anali atamanga masikuluwu ndi mphamvu zawo zonse. Mwanayo anandiyang'ana kuti ndiwauze. Ine ndinali nditatopa ndi kukhala mtanthauziri m'nyumba mwanga momwe, ndipo ndinangopinda manja.

Ababa anali atagwada pa simenti ndi thalauza lawo labwino, sikuludiraiva m'manja, akudikira. Mwanayo anaima kanthawi. Kenaka anakweza phazi n'kuliika pa bondo lawo.

"Masulani pang'ono, agogo."

Anatchula mokhotakhota, koma chinali Chichewa. Ababa sanaseke, sanayamikire, anangomasula.

"Chonchi?"

Anamenya. "Pang'ono."

"Nanga apa?"

Anamenya kuzala, kenaka kuchidendene, ndipo chitsulo chinalira mpaka mayi wina wotuluka m'sitolo anacheuka. "Basi," anatero mwanayo, n'kupereka phazi linalo. Ababa anapendeketsa khutu ngati mmene amachitira munthu wowamba ng'oma pamoto. Pofika chitsulo chachinayi sanafunsenso. Anamva okha kuti chafika.

Chionetserocho chinali mu holo ina ku Lawrence, dera la kumphepete kwa mzindawo. Kunali magule osiyanasiyana. Atsikana ena anavina wa ku Ireland, manja atawamata m'mbali, ababa n'kundinong'oneza kuti ameneyo ndi perete weniweni. Anyamata ena anavina pomenya mapazi, m'manja ndi m'ntchafu mopanda chida chilichonse, ababa n'kuyamba kugwedeza phewa. Kenaka anatuluka mwana wanga, yekha, popanda nyimbo. Anayamba pang'onopang'ono, chidendene chokha. Anapinda mawondo. Zala zinalowa pakati, kulira kunachuluka mpaka kumveka ngati akuvina anthu atatu, kenaka anadula mwadzidzidzi, holo yonse ili chete, n'kuyambanso. Ine ndinali nditamuonapo kambirimbiri, koma ndinalira. Ababa anagwira mkono wanga. "Iwe," anatero, "mwanayu akuimba ng'oma ndi kuvina nthawi imodzi. Ifetu tinkafunika anthu awiri."

Pomaliza, mayi mphunzitsi uja anaitana ovina onse kuti apange bwalo, monga mwa mwambo wa gule wawo: wina amamenya kachigawo, mnzake n'kuyankha. Itafika nthawi ya mwana wanga, sanayang'ane mnzake wa m'bwalo. Anabwera kumapeto kwa siteji, anamenya kachigawo kafupi, n'kuloza mzere umene tinakhala. Ndinagwira jekete ya ababa kuti asatichititse manyazi, koma anali ataima kale. Anawongola msana, anakoka kolala, n'kuyankha pakanjira ka pakati pa mipando: kuguba kuwiri, kutsetsereka, kugunda. Mganda wa ku Dowa, pa kapeti, ndi mawondo a munthu wokalamba. Mwanayo anaubweza ndi zitsulo, osaphonya. Mayi mphunzitsi anaomba m'manja n'kufuula kuti apitirize. Ine ndinaiwala kuti ndili pakati pa azungu, ndinaimba nthungululu.

Ababa anakhala nafe masabata ochepa chabe pambuyo pake, koma bambo wa m'nyumba ya pansi anavutika kowirikiza. Loweruka ankanditsogolera kukwera masitepe a pamwamba pa sitolo paja, n'kukhala pakona panga. Iwo ndi mayi uja sankamvana chinenero, koma ankaonetsana mapazi mpaka ana kutopa kudikira. Tsiku lonyamuka, mwanayo anawapatsa zitsulo za nsapato zake zakale zimene zinamuchepera. Anazimanga m'kampango komwe kaja.

Tsopano Lamlungu lililonse tikabwera ku tchalitchi foni imalira. Ababa amandipatsa moni mwachidule n'kufunsa ngati akazi awo alipo, ndipo akazi awowo amandilanda foni n'kuiika pansi pambali pa kathabwa. Ku Dowa nakonso foni ili pansi, pa simenti ya pakhonde, pafupi ndi nsapato zawo za ku tchalitchi zimene anazimangira zitsulo zija ndi masikuluwu. Uyu amamenya, awo amayankha. Mawondo awo akutha, ndipo chaka chino kuyankha kwawo kwayamba kuchedwa. Mwanayo amadikira. Sabata yatha ndili kukhitchini ndinamva atasiya kuvina, atawerama pafupi ndi foni.

"Sizikumveka, agogo," anatero. "Masulani pang'ono."