Tisa wakana zopima ana ndi khutu

Muli bwanji nonse.

Lero ndinali ku sukulu ya nasale ya pa Boma, kumene mdzukulu wanga Tisa ndi hedi. Mayi wina wa ku Kavalamanja anabwera kudzalembetsa mwana. Mphunzitsi anauza mwanayo kuti adutsitse dzanja pamutu, agwire khutu. Atalephera, akuti abwerere, sanakule.

Ndinapsa mtima. Ine anandibweza motero ku Feira m'ma 1950, khadi la ubatizo lili m'manja. Ndikali nalo.

Tisa anangoti, "Madamu, anatilemba kuti tiphunzitse ana, osati kupima manja. Mupatseni mpando."

Kamwanako kanakhala pampando dzanja likali pamutu, kakufunafunabe khutu, mpaka Tisa analitsitsa yekha.

Pomuthokoza, tonde wa m'khola langa ndifuna kumupatsa Tisa. Alipo wotsutsa?