Kalata Imene Ndinasiyira Madamu

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, mu Julaye 2016, ine ndikuchapa. Chipindacho chinali ku Al Doha Al Jadeeda, mumzinda wa Doha, pamwamba pa shopu yokonza mafoni, cha mayi wina wa ku Ntcheu wogwira ntchito kuhotela, amene anandisunga masiku anayi. Nditatsegula ndinapeza apolisi awiri, mwamuna ndi mkazi. Wamkaziyo anayang'ana chithunzi pafoni yake, n'kuyang'ana ine. "Yalla," anatero, kutanthauza tiyeni. Ndinapempha kuti ndipukute kaye m'manja, ndipo anandilola.

Ine ndine mphunzitsi. Ndinene kaye zimenezo, chifukwa m'mapepala awo onse analemba kuti wantchito wa m'nyumba wothawa. Kukoleji ndinapita pa ngongole ya bungwe lina. Pangano lake linali lakuti ukaphunzitsa zaka zisanu pasukulu ya kumudzi, ngongole yonse amakukhululukira, koma ukasiyira panjira, umabweza yonse. Achimwene anga aakulu anandisainira, chikole chinali nyumba yawo ya ku Balaka. Ndinaphunzitsa zaka zitatu. Kenako mwana wanga anadwala, malipiro osakwana, ndiye ndinapempha tchuthi cha chaka chimodzi n'kupita kukakolopa m'nyumba ya eni ake ku Al Messila.

Chaka chitatha, achimwene anandiimbira. "Achemwali, akuti mukapanda kuoneka m'kalasi tsiku lotsegulira mu Seputembala, basi, nyumba atenga."

Katatu konse ndinapempha pasipoti yanga kwa madamu a nyumbayo, amene ankaisunga. Yankho linali "bukra", kutanthauza mawa, mawa losafika lija. Ndiye ndinachita zimene aphunzitsi timachita. Kusukulu, ukafuna kuchoka, umalemba kalata n'kuisiya patebulo la ahedi, ndiye kuti wachoka mwaulemu. Ndinalemba adiresi pakona, deti, mutu wa kalata n'kuudula mzere ndi rula. Ndinafotokoza kuti ndikukafufuza kokadandaula za pasipoti. Ndinalembamonso kumene ndikakhale, ati kuti asade nkhawa, n'kuisiya patebulo, ine n'kumapita. Uchitsiru wangawo! Mpaka lero ndikaukumbukira ndimaluma mano.

Kupolisi kalatayo ndinaipeza ili kale patebulo, m'kapulasitiki. Wondifunsa anali bambo wofatsa, wosakweza mawu.

"Munalemba ndinu?"

"Ndine."

"Good English," anatero. "Ndiye kuti mwavomera nokha kuti munachoka. Nanga mphete ya madamu ili kuti?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Mphete yanji? Anafunsa funso lomwelo mpaka dzuwa kupendeka, ine chiimire. Pomaliza anabweretsa pepala la Chiarabu. Ndinapempha cholembera ndi womasulira, koma anangogwira dzanja langa n'kudinditsa chala chachikulu. Ine amene ndinaphunzitsa ana a Sitandade 2 kulemba maina awo. Manyazi ake anandipweteka kuposa miyendo.

Kumene anatisunga tinalimo azimayi ambiri, matiresi ogundana. Makina oziziritsa sankawazimitsa, ndipo bulangete linali limodzi kwa awiri. Mu Ogasiti mtsikana wa ku Kenya amene ndinkafunda naye anapita padera. Tinaitana alonda kwa nthawi ndithu. Atamutenga, pansi tinakolopa ndife.

M'mawa uliwonse ndinkafunsa mlonda wamkazi za mlandu wanga, iye n'kuyankha, "Bukra, inshallah." Tsiku lina mtima unandikwera, ndinamenya chitseko ndikukuwa kuti ndine mphunzitsi, kwathu akundidikira, banja lonse litaya nyumba chifukwa cha ine. Anandiyang'ana mosakwiya n'komwe. "Sister, muno aliyense ndi ticha, aliyense ndi nesi. Khalas, basi, kakhale pansi." Ndinakakhaladi.

Lolemba lotsegulira sukulu ndinalidziwa. Ndinadzuka, ndinasamba, ndinapesa tsitsi, kenako ndinakhala pamatiresi mpaka masana osadya kanthu. Ndinalira, ndipo sindibisa, ndinawada madamu aja ndi mtima wanga wonse.

Chakumapeto kwa Okutobala anandiitana. Mphete inali itapezeka, anatero, m'thumba la chikwama cha mwini wake. Palibe anapepesa. Pasipoti anandipatsira pakhomo la ndege, ine ndili m'zovala zomwe anandigwira nazo zija.

Anthu amati ufulu umakoma, ndipo n'zoona, kutsegula wekha chitseko si chinthu chaching'ono. Koma wanga unafika mochedwa ndi masabata asanu ndi awiri, ndipo amene anaulipira sanapondeko ku Doha. Nditatera ku Lilongwe ndinabwereka foni kwa dalaivala wa minibasi. Achimwene anayankha okha.

"Mwafika? Ambuye alemekezeke, achemwali. Mwana wanu ali bwino, akudya." Kenako anati, "Koma musatsikire pa siteji yakale ija. Tikuchita lendi kuseri kwa msika. Nditumiza alamu anu adzakuchingamireni, nokha simungapadziwe."