Telala wa ku Kabwata pa Sitima za ku Ulaya

Ku msika wa Kabwata, kumzere wa atelala, kunali bambo wina amene ukawapatsa moni kawiri tsiku limodzi ankayamba kubisa sizasi. Dzina lawo linali Che Abdulkadiri, ngakhale makasitomala ankangoti ba Abdul. Bambo awo anachokera ku Mangochi ndi makina osokera, ndipo iwo anabadwira mu Lusaka momwemo n'kukulira pa makina omwewo. Ntchito ankaidziwa, zimenezo palibe angatsutse. Vuto linali mtima wokayikira. Ukayamikira suti yawo, ndiye kuti ukufuna kuba kasokedwe. Ukapanda kuyamikira, ndiye kuti wina wakuuza zoipa za iwo.

Pamene zipani zambiri zinabwera, anthu akuvina m'misewu, iwo anangoti, "Tizaona," osachotsa phazi pa makina. Kenaka salaula inadzaza tauni, mabelo a zovala zakale akutsegulidwa pakona paliponse, makasitomala n'kuthawa. Che Abdulkadiri anayenda mzere wonse kukumbutsa anzawo kuti iwo ananeneratu. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali yochepetsa majekete a azungu osawadziwa, ndipo jekete lililonse ankayamba alinunkhiza.

Munthu mmodzi yekha padziko lapansi sankamukayikira, ndiye Mutale. Anakulira limodzi m'Kabwata, wina Mbemba wa ku tchalitchi, wina Myao wa ku mzikiti. Mutale anapita ku Belgium ali mnyamata kukaphunzira za makina, anakwatira mzungu dzina lake Charlotte, n'kukhazikika konko. Akabwera kutchuthi ankafikira kwa mlongo wake, a Lombe, ku Woodlands, koma masana onse ankathera pa kampando ka m'shopu ya mnzakeyo, akudya chinangwa chootcha ndi mtedza. Telalayo analibe chuma china choti anganyadire. Ubwenzi umenewu ndiwo unali wake.

Chaka cha 1997, a Lombe anabwera ndi uthenga wakuti Mutale akumuitana mnzake ku Ulaya, ndipo za ndege zonse wakonza kale.

"Chifukwa chani?" anafunsa Che Abdulkadiri.

Akazi awo, a Sofiya, anaomba m'manja atamva funso limenelo. "Atate ake Idris, munthu akuitanani mukaone Ulaya, imwe mufunsa chifukwa? Yendani mwandi, naine nipumuleko."

Anapitadi, atanyamula kapenta, mtedza ndi malaya a chitenje osoka okha. Koma zinthu zinayamba kupotoka pa bwalo la ndege pomwepo. Mutale sanabwere kudzawachingamira. Anabwera ndi Charlotte yekha, ndipo asanafike n'kunyumba komwe, mayiyo anafunsa mwaulemu kuti ndege yobwerera ndi ya tsiku liti. Kwathu mlendo umamupatsa madzi, umamufunsa za kumene wachokera, koma tsiku lobwerera amanena yekha. Che Abdulkadiri anafunsidwa chikwama chikadali pamiyendo.

Mutale anawalandira pakhomo atavala juzi lokhuthala ndi chipewa chaubweya. Diso la telala silinamizika: khosi linali litachepa, mapewa atagwa. Che Abdulkadiri anaona zimenezi, ndipo chakudya chamadzulo chitabwera anapeza yankho. Supu wamadzimadzi, buledi, tchizi. Ndiye munthu anganenepe bwanji? Mkaziyu samudyetsa mnzanga, anatero mumtima. Atatulutsa kapenta, Charlotte anathokoza kwambiri n'kukamutsekera m'kabati ya panja, ati fungo limamuvuta Mutale. Mutale amene ankanyambita mbale ya kapenta mpaka kuwala!

Kutacha, Mutale anawapatsa matiketi.

"Kadiri, mailo uzakwela sitima uyende ku Amsterdam. Ukaone manzi mukati mwa tauni, mabwato yayenda monga maminibasi."

"Nanga iwe?"

"Ine nili na kapulogalamu. Yenda chabe, siungasobe."

"Nabwela kuona iwe, osati manzi. Manzi yaliko na ku Kafue."

Mutale anaseka, kenaka anatsokomola, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'mawa mwake Charlotte anawaperekeza ku siteshoni, nawapatsa buledi woika nyama pakati. Anafotokoza kuti nyamayo wagula kwa Asilamu a ku Morocco, musade nkhawa. Sitima itangonyamuka, Che Abdulkadiri anakanganula buledi uja, ananunkhiza nyamayo mbali zonse, n'kudya buledi yekha. Sitimayo inkathamanga osagwedeza ngakhale tiyi wa m'kapu, minda ndi ng'ombe zonenepa zikudutsa pawindo, koma iwo maso anali pa chikwama chawo ndi pa mnyamata wa ndolo amene anakhala moyang'anana nawo. M'mutu munali funso limodzi: munthu angakuitane ulendo wonsewu kuti adzakuthamangitse m'nyumba?

Atafika ku Amsterdam anayenda mpaka pakhomo la siteshoni. Anaona njinga zambirimbiri, madzi ndi mphepo. Anabwerera m'kati, anapeza benchi, nakhala pomwepo mpaka nthawi ya sitima yobwerera. Anaganiza kuti akapita kukaona mzindawo ndiye kuti avomera kuthamangitsidwa.

Madzulo anapeza Mutale atagona pa sofa, atafunda bulangete.

"Waona chani, mune?" anafunsa, akuitana mnzake mwa Chibemba.

"Manyumba chabe."

Zinapitirira choncho. Akakhala pakhomo tsiku limodzi kapena awiri, matiketi ena ankatuluka. Ku Cologne tchalitchi chachikulu chakuda bii chili pakhomo penipeni pa siteshoni, moti sakanachitira mwina koma kuchiona, komabe anachifulatira msanga. Ku Paris, mzinda umene ngakhale ana a ku Kabwata amaudziwa dzina, anakhala pa benchi tsiku lonse atakumbatira chikwama. Bambo wina wachikuda wosesa anawapatsa moni mwachisilamu, iwo anayankha ndi theka la pakamwa n'kusuntha.

Umboni unkachuluka tsiku ndi tsiku. Mwamuna ndi mkazi ankanong'onezana m'Chifalansa, iwo akalowa n'kukhala chete. Mutale ankagona masana mlendo ali pabalaza. Malaya a chitenje aja anangowayamikira m'manja, osawayesa. Tsiku lina pobwera ku siteshoni anakumana ndi mayi wachizungu wa chikwama chachikopa akutuluka m'nyumbamo, ndipo zonse zinamveka. Alendo enieni amabwera iwo akachoka. Telala wa ku msika, wopemphera pamkeka, wonunkha kapenta, sangaonetsedwe kwa anthu. Zinawapweteka kwambiri, kuposa mmene salaula inawapwetekera, ndipo sanauze munthu.

Tsiku lobwerera Mutale anawaperekeza mpaka pakhomo basi. Ngakhale munthu wodzabwereka mchere umamutulutsa mpaka pamsewu. Anawagwira dzanja nthawi yaitali, akuoneka ngati akufuna kunena kanthu, koma Che Abdulkadiri anachotsa dzanja lawo n'kukalowa m'galimoto.

Ku Kabwata mzere wonse unasonkhana kudzamva za Ulaya.

"Shani ba Abdul, kunali bwanji?"

"Kuzizila chabe."

Kwa a Sofiya ndiko anakhuthula zonse. "Uja ni muzungu manje. Ananiitana kuti anionese nyumba, basi."

"Munamufunsa?"

"Nifunse chani? Nili na maso."

Munthu ukachokera kumene kuli m'bale wa anthu, umapita kukawauza mmene wamusiyira. Che Abdulkadiri ankadziwa bwino zimenezi, koma ku Woodlands sanapondeko. Panapita milungu ingapo, mpaka a Lombe anatopa kudikira. Anabwera okha ku msika masana ena, nakhala pa kampando kaja osadikira kuuzidwa.

"Ba Abdul, mwabwela kudala, osabwela kutiuza? Munamuona bwanji mulongo wanga? Anali kudyako?"

"Azadya bwanji? Mukazi amupasa supu na buledi."

A Lombe anawayang'ana modabwa. "Kanshi sanakuuzeni."

"Kuniuza chani?"

"Mutale ali na khansa ya m'mimba. Masiku yamene munali kukwela sitima, yeve anali ku chipatala kulandila mankhwala. Akachokako amasanza mpaka kulephela kuimilila, nasi amachita kubwela ku nyumba. Charlotte anali kufuna kuziba masiku yanu kuti akambe na madokota. Mutale anakana kuti mumuone so. Anati, Kadiri akaziba azankhala pambali pa bedi, sazaona chilichonse." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Matiketi anagula yabili yabili, ba Abdul. Anali kuganiza azakwanisa kuyenda na imwe."

Phazi la telala linatsika pa makina. Anafuna kukayikira, poti ndicho chinthu chimene ankachidziwa bwino, koma anasowa poyambira. Anachita manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo panali mantha.

"Akali moyo?"

"Akali. Koma madokota bamubweza ku nyumba."

Anatseka shopu dzuwa likadali pamutu, chinthu chimene mzere wa atelala unali usanaonepo, nakwera galimoto ya a Lombe kupita ku Woodlands kumene kunali foni. Anayankha ndi Charlotte. Atamva dzina lawo anangoti dikirani, ndipo panamveka mapazi, chitseko, kenaka kupuma kolemera.

"Kadiri." Mawu anali aang'ono ngati ochokera m'chitini.

"Mutale, iwe, chifukwa chani siunaniuze?"

"Siya izo. Nilibe mphepo yambili. Niuze za Paris. Unabwela chabe na 'manyumba, manyumba.' Nifuna kumvela mwamene unaionela iwe."

Che Abdulkadiri anayang'ana a Lombe, anayang'ana khoma. Akanatha kunama. Nsanja yachitsulo yotchuka ya ku Paris anaionapo pa makalendala, akanatha kuisoka bwinobwino nkhaniyo. Koma munthu ameneyu anali asanamunamizepo.

"Sininachoke pa siteshoni, mune. Konse kwamene unanituma. Ninankhala pa benchi. Ninali kuganiza unichita manyazi."

Anaganiza kuti foni yaduka. Kenaka kunamveka kaphokoso kosadziwika ngati n'kuseka kapena kutsokomola, ndipo kanatenga nthawi kuti kathe.

"Iwe Kadiri," anatero Mutale. "Na ine wamene unanikayikila?"

Misozi inali itafika kale m'ndevu za telalayo.

"Basi, niuze za siteshoni yamene iyo. Ninapitamo kudala, naibala."

Che Abdulkadiri anatsinzina n'kufunafuna m'mutu. Mumzinda wonse wa Paris, umene mnzawo anawagulira ali pa bedi la chipatala, munatsala benchi, nkhunda zingapo ndi bambo wosesa uja amene anawapatsa moni.

"Kunali benchi," anayamba. "Ya chisulo, yozizila maningi."

"Eya," anatero Mutale. "Pitiliza."