Mayi a Mkeka ndi Basi ya Mbuzi

Tsiku limene Mayi a Mkeka anadutsa msewu wonse wa kumsika bakha wapepala atamatirira kumbuyo kwa siketi yawo, palibe anawauza. Anthufe zokoma sitifuna kuti zithe msanga. Wogulitsa nsapato anawapatsa moni kawiri, kuti atembenuke kawiri. Telala anasiya makina n'kutuluka pakhonde ngati wamva kutentha. Bakhayo anali wachikasu, wamlomo wofiira, ndipo ana a kulaibulale anali atamupaka guluu wokwanira kumata chitseko. Mayi anamukhalira pamene ankamanga zingwe za nsapato za kamwana kena, n'kufika naye mpaka kunyumba.

Amuna awo, amene anayendetsa basi zaka makumi atatu asanapume, anawazungulira kamodzi n'kufunsa mwaulemu kuti, "Amayi, pasinjala wanuyu akutsikira pati?"

Anaseka nawo, koma mtima unali kwina. Bakha wachikasu pampando wabuluu ndi chinthu choti ngakhale wodutsa panjinga angachione. Iwo sanamuone. Ndipo ankadziwa chifukwa chake.

Mayiwa analowa m'laibulale ya m'dera lathu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, tsache lili kumanja. Ntchito yawo inali yosesa ndi kupukuta mashelefu. Koma azimayi obwera kudzawerenga nyuzipepala ankabwera ndi tiana, tianato n'kumalira, kukwera matebulo ndi kulawa ngodya za mabuku. Tsiku lina mayi anatopa nazo. Anabweretsa mkeka wawo wa kunyumba, kuuyala pakona pafupi ndi zenera, n'kutsegula buku la zithunzi. Phokoso linatha ngati wina watseka mpopi. Kuyambira pamenepo Lachitatu lililonse teni koloko mkeka umayalidwa, tsache analipatsa wina, ndipo dzina lawo lenileni linatsala pachiphaso chokha.

Kasankhidwe kawo ka mabuku n'kamene kanawatchukitsa. Buku latsopano likafika, ankaliimika pashelefu ya pakhomo n'kubwerera chafutambuyo mpaka pazenera. Ngati diso la nyama yojambulidwayo silikuoneka ali pamenepo, bukulo linkabwerera m'katoni, chifukwa mwana wokhala kumbuyo nayenso ndi munthu. Mawu a patsamba limodzi asapose mpweya umodzi. "Ndikapuma kawiri," ankatero, "wina wayamba kale kuvula mnzake sokosi." Mabuku olalikira sankawafuna n'komwe, ati mwana wa zaka zitatu alibe machimo okwana masamba khumi. Chimene ankasaka kwenikweni ndi mawu obwerezabwereza, oti ana akuwe nawo, kapena nyama yoti aiyerekeze kulira. Buku laphokoso linkayamba, kenako nyimbo yodumpha kuti miyendo itope, kenako buku lofatsa. Pomaliza ankang'amba mapepala ndi manja n'kumata. Sizasi anailetsa kalekale, chaka chimene mwana wa wokonza mawailesi anameta mnzake mbali imodzi, n'kumeta bwino ndithu.

Theka la anthu a m'dera muno anadutsa pamkeka umenewo. Namwino wa kuchipatala chaching'ono chija, amene lero amatikalipira tikachedwa ndi mankhwala, anaphunzirira pomwepo kulira ngati ng'ombe.

Tsono maso a mayi anayamba kuchita chifunga. Poyamba zilembo zinkangosambira, kenako zinamira. Magalasi ogula pamsika sanathandize. Kuchipatala ankaopa zinthu ziwiri: mpeni m'diso, ndi kalata yopita kuntchito yonena kuti mayi uyu saona. Ankadziwa kumene anthu otere amatumizidwa, kuchipinda chakumbuyo kukadinda zidindo, kapena kunyumba kukaweta nkhuku. Munthu wowerengera ana amene satha kuwerenga, ndani angamusiyire mkeka? Ndiye anakhala chete zaka ziwiri, chinsinsi ali nacho awiri ndi bambo akunyumba.

Lamlungu lililonse masana ankakhala pakhonde lakuseri, kumene anthu odutsa saona. Bambo ankawerenga buku la sabata imeneyo katatu, ndi mawu awo aja oitanira anthu pasiteji, n'kumafotokoza zithunzi. "Apa pali chimbalangondo, chavala chipewa, sindikudziwa chikupita kuti." Mayi ankaloweza zonse pamtima, ndi potembenuzira tsamba pomwe. Kuyesa diso la nyama kuja ankatuma bambowo, kuwaimika pampanda buku lili pazenera. Ana a pamkeka mayi ankawadziwa ndi mawu komanso mafuta amene amayi awo awadzoza. Lachitatu likafika, chala chinkayenda pansi pa mizere mwaukatswiri, ndipo ankakhulupirira kuti palibe akudziwa kanthu.

Kenako kunabwera bwana watsopano, mtsikana wa digiri, wa nsapato zogogoda, woti akanatha kukhala mwana wawo wachitatu. Sabata yoyamba anasuntha mashelefu onse, zimene zinapatsa mayi zipsera ziwiri pamiyendo. Sabata yachiwiri anafika ndi katoni ya mabuku atsopano.

"Mayi, ndamva mbiri yanu," anatero. "Lachitatu likubwerali muwerenge ili, la mbuzi yokwera basi. Ndidzakhala nanu pamkeka, ndione mmene mumachitira."

"Palibe vuto, bwana," anayankha mayi.

Lamlungu bambo atatsegula bukulo, nkhope inasintha. Zimbalangondo zovala zipewa ankazipirira, koma apa wojambula anali atalowa m'munda mwawo.

"Basi yanji iyi yopanda galasi loonera kumbuyo? Ndipo taonani dalaivala, akuyendetsa akuyang'ana mapasinjala! Mbuzi nayo mutu uli pawindo!"

"Bambo, werengani. Sindinakutumeni kuyendera galimoto."

Anawerenga. Koma mawu a m'bukumo anali ochepa, ozizira ngati tiyi wadzulo, ndipo mtima wa dalaivala sunapirire. Pa tsamba lachiwiri anawonjezera ndi mawu omwewo owerengera: "Dalaivala anaponda buleki nati, Mbuzi iwe, lowetsa mutu! Basi siyenda mutu uli panja!"

Mayi anawomba m'manja. "Bwerezani pamenepo!"

Anabwereza. Ataona kuti zakoma, anaziikanso pa tsamba lachitatu, lachinayi, mpaka kumapeto. Pamene basi inaima pamlatho anaphulitsa tayala, kutsitsa nyama zonse, n'kupatsa nkhumba jeke kuti igwire.

"Limeneli ndiye buku, bambo," anatero mayi, akupukuta misozi ya kuseka. "Mtsikana uja ndinamuderera. Amadziwa kusankha."

Bambo anatsegula pakamwa kuti aulule, koma anali asanawaone akazi awo akusangalala chonchi kwa miyezi yambiri. Anatseka pakamwa n'kupita kukathirira maluwa.

Lachitatu ana analipo khumi ndi asanu ndi anayi. Bwana anavula nsapato zake zogogoda n'kukhala kumapeto kwa mkeka, buku lina lofanana nalo lili pamiyendo. Mayi anayamba. Pofika tsamba lachitatu chipinda chonse chinkakuwa kuti, "Mbuzi iwe, lowetsa mutu!" mapazi akuponda buleki pansi. Mkulu wina amene amagona pa nyuzipepala tsiku lililonse anadzidzimuka n'kulowetsa wake. Tayala litaphulika, ana onse anagwa chagada, kenako anadzuka kupopa jeke. Pomaliza anang'amba mapepala n'kumata mbuzi pamawindo a basi ya katoni. Mayi sanaone kuti bwana akutembenuza masamba kupita kutsogolo, kubwerera kumbuyo, n'kuyang'ananso pachikuto.

Makolo atatenga ana awo, bwana anawaitanira muofesi n'kutseka chitseko.

"Mayi, tandiwerengereni tsamba ili."

Anagwira bukulo, kuwerenga masamba ndi chala mpaka anadziwa kuti ndi la pamlatho, n'kuyamba molimba mtima: "Phuu! Tayala linaphulika. Dalaivala anati, tsikani nonse, nkhumba gwira jeke..."

"Mayi," anatero bwana motsitsa mawu, "patsambali pali mawu anayi okha. Mbuzi inaona mlatho. Inakondwa."

Mayi anaganiza za amuna awo, ndipo zimene anaganizazo sitingazilembe pano. Kenako manyazi anawagwira kuyambira kumapazi. Anafotokoza zonse, chifunga, khonde lakuseri, zaka ziwiri. Atatha anapisa m'thumba, kutulutsa kiyi wa kabati yosungira mkeka n'kumuika patebulo.

"Ndakunamizani, bwana. Musavutike kundilembera kalata, ndikudziwa njira."

"Ine ndinakhoza mayeso a mabuku a ana," anatero bwana, "koma bukuli ndinalisankha chifukwa chikuto n'chokongola. Nditaliwerenga dzulo ndinachita manyazi kuti ndakupatsani chinthu chopanda mchere. Lero ana akana kupita kwawo." Anatenga kiyi uja n'kumuika m'dilowa. "Uyu ndikusungirani, sindikulanda. Mupite kwa dokotala wa maso. Mukabwera ndi pepala lake, mudzamutenga. Mukapanda kupita, mkeka sindikupatsani, ngakhale mundilowezere laibulale yonse."

"Bwana, amati amalowetsa mpeni m'diso."

"Inu munayang'anizana ndi ana a zaka zitatu kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Kampeni n'chiyani?"

Kunyumba bambo anawaona akulowa pageti ndipo anadziwiratu. Anaimirira kuseri kwa mpando.

"Nkhumba gwira jeke, eti?"

"Amayi, wolemba bukulo sanayendetsepo basi. Ine ndinangokonza zolakwika."

"Mwandivula pamaso pa mwana wamng'ono!"

"Koma ana anakuwa?"

Mayi anafuna kunama, koma zinakanika. "Anakuwa."

"Basitu," anatero bambo, akutuluka kuseri kwa mpando. "Mawa ndikuperekezani. Ndatopa kuima pampanda ngati mbuzi yogulitsa."

Dokotala anati ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo anawakalipira kuti akanabwera kale. Anayamba diso lamanja, lamanzere pambuyo pake. Mpeni umene anauopa zaka ziwiri sanaumve n'komwe. Chimene anadandaula nacho ndi chovala cha kuchipatala chotseguka kumsana.

Masabata asanu ndi limodzi amene mayi ankachira kunyumba, mkeka unali m'manja mwa bwana. Lachitatu loyamba anasankha buku la masamba makumi atatu lonena za ubwino wotsuka mano, n'kugawa masizasi. Madzulo ake anafika kunyumba kwa mayi atanyamula mabuku asanu, kansalu ka pakhosi kali kofupikirapo kusiyana ndi mmene kanalili m'mawa.

"Mayi, ndiphunzitseni," anatero asanakhale n'komwe.

Mayi, diso limodzi lili ndi bandeji, anamutuma kukaima pampanda. Kuyambira tsiku limenelo ankabwera Lolemba lililonse, ndipo bambo analoledwa kumvetsera pokhapokha atalonjeza kusakonza chilichonse.

Tsiku lobwerera kuntchito mayi anaika pepala la dokotala patebulo, bwana n'kutsegula dilowa, kuwabwezera kiyi wawo. Atayala mkeka, ana analowa, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona anthu amene ankawadziwa ndi makutu okha. Wamawu aakulu uja, amene ankamuyesa chimnyamata chonenepa, anali kamtsikana kochepa ngati chala, ka maliboni awiri. Mphuno zofuna kupukuta zinalipo zisanu ndi imodzi. Mkeka nawo unali utabooka pakati, ndipo panalibe amene anawauza.

"Lero tiwerenge liti?" anafunsa.

"La mbuzi!"

Analitsegula. Pansi pa tsamba lililonse bwana anali atalemba ndi pensulo, mwa zilembo zazikulu, mawu a dalaivala aja. Anayang'anitsitsa chithunzicho. Basiyo inalibedi galasi.

Madzulo ake, mtima uli mbee, anaganiza zoululira mnansi wawo, mayi wa saluni, amene ana ake atatu anakulira pamkeka ndipo tsopano amatumizako mdzukulu. Anamuitanira pampanda, kuyang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona kuti kwa zaka ziwiri zathunthu iwo sankaona, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anazindikira.

Mayi wa saluni sanasiye n'komwe kutsuka chipeso chimene chinali m'manja mwake.

"Palibe anazindikira? Inu mayi, msewu wonse unkadziwa! Munkapereka moni kwa pholo la magetsi m'mawa uliwonse, n'kulifunsa za ana. Tinangotseka pakamwa chifukwa akanakuchotsani, ana athuwa tikanawapititsa kwa ndani?"