Mtsikana Woweta Mphutsi

Anthu a mumsewu mwawo ankangomuitana kuti Digiri, ndipo silinali dzina laulemu. Mtsikana woti wamaliza ku yunivesite, koma m'mawa uliwonse ali pa wilibala, kukankha matimati owola ndi makoko a nthochi kuchokera kumsika, ntchentche zikumuperekeza.

Zinayamba m'chaka chake chomaliza, pa phunziro la kayambitsidwe ka bizinesi. Mphunzitsi wawo anati mayeso a papepala kulibe, aliyense atuluke, akapeze vuto la munthu weniweni n'kulithetsa. Anzake anang'ung'udza. Digiri anapita kwa oweta nkhuku, amene ankalira ndi kudula kwa chakudya cha ziweto. Pofufuza anapeza kuti mphutsi za mtundu wina wa ntchentche zimakula ndi zinyalala, ndipo zimanenepetsa nkhuku. Za m'mabeseni oyamba zinapsa ndi dzuwa. Zotsatira zinatha ndi nyerere. Anaimika miyendo ya mashelefu a mabeseniwo m'zitini za madzi kuti nyerere zisakwere, n'kuyambiranso.

Atamaliza sukulu anamanga chisakasa kuseri kwa nyumba imene amayi ake ankachita lendi. Analemba ntchito mayi wina wamasiye kuti azisankha zinyalala, kenako mnzake wa m'kalasi amene nsapato zinamuthera pofunafuna ntchito.

Tsiku lina amalume ake anatulukira atamanga tayi, kampango kali pamphuno.

"Ndakupezera malo ku ofesi kwathu. Lolemba ukayambe, zamanyazi izi zithe."

"Zikomo amalume. Koma malowo ndi a anthu angati?"

"Funso lanji limenelo? Ndi ako wekha."

"Nanga awawa ndiwasiyire ndani?" anatero Digiri, akuloza antchito ake.

"Iwe mwana! Tinakuphunzitsa kuti uziweta mphutsi? Adzakukwatira ndani ukununkha chonchi?"

Amayi ake anangozyolika pakhomo. Zimenezo ndi zomwe zinamulasa mtima kuposa mawu a amalumewo, koma sanagwetse msozi.

"Amalume, fungo limachoka ndi sopo. Ulova sopo sauchotsa. Mpandowo mupatse wina, pageti panu padzaza oudikirira."

Amalume anachoka osatsanzika. Posakhalitsa oyandikana nawo nyumba anakadandaula za fungo, ndipo mwini malo analamula kuti chisakasa chigwe. Digiri sanagwadire munthu. Anapeza khola lakale la nkhumba kumapeto kwa tauni, n'kusamutsa mabeseni ake dzuwa likuswa mtengo, kudutsa pakati pa msewu, akupereka moni khomo ndi khomo. Amene anakankha wilibala yomaliza ndi amayi ake, osauzidwa ndi munthu.

Lero kukholako kukugwira ntchito anthu asanu ndi awiri, ndipo oweta nkhuku amalimbirana matumba a mphutsi. Amalume mpaka pano samulankhula. Ophunzira a ku yunivesite akabwera kudzaona ntchito, amaima patali atapinda manja. Iye amawapatsira beseni.

"Vulani majekete, achimwene. Mphutsi siziluma."