Ndani Wataya Nangozo?

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, amayi atayamba kunditenga ku msika wa Lizulu kokagulitsa kabichi. Pa Lizulu msewu waphula uja ndiwo malire: tsidya lino Malawi, tsidya linalo Mozambiki. Achimwene anga a Fatsani anali atandiuza kuti mwana akangoponda tsidya linalo amaikidwa m'thumba la kachewere n'kulisoka kukamwa. Ine ndinakhulupirira. Mantha ndinabadwa nawo. Ngakhale lero, ndi satifiketi yanga ya ku koleji, mwana akayetsemula kawiri ndimayamba kufunsa za galimoto yopita kuchipatala.

Tsiku lina kabichi mmodzi anagubuduzika pamulu n'kuoloka msewu. Ndinamuthamangira osaganiza. Nditangomugwira, basi yaikulu inaima pakati, ogulitsa n'kuiunjirira mabeseni ali m'mwamba. Pamene inkachoka, sindinkadziwanso kumene kunali amayi. Paliponse milu ya tomato, fumbi, fungo la anyezi. Ndinali kunja kwa dziko, nditakumbatira kabichi, ndipo pafupi nane bambo wina ankasoka thumba ndi chisingano chachikulu. Ndinalira ngati mbuzi yomangidwa panjinga.

Mayi wina wonenepa, wogulitsa nyemba, anandigwira dzanja.

"Iwe mwana, ndiwe ndani?"

"Loveness."

"Limenelo ukawauze aphunzitsi. Ine ndikufunsa chiwongo. Bambo ako powathokoza amati chiyani?"

"Ngozo," ndinatero, mamina ali chuchuchu.

"Ndiye ndiwe Nangozo! Nanga ukulira chiyani? Inenso Nangozo. Ndine azakhali ako."

Ndinadabwa kumva wa ku Mozambiki akuyankhula ngati wa kwathu ku Biriwiri, ndipo ndinaganiza kuti ndi msampha. Koma uzakhaliwo unayamba pompo. Anandipukuta mphuno ndi chitenje ngati akukwecha poto. Anadandaula za miyendo yanga yotuwa. Kenako anandipatsa chimanga chootcha, ndipo nditalandira ndi dzanja limodzi, choimirira, anandilanda.

"Mwana wa Angoni ati wolandira ngati nyani? Gwada."

Ndinagwada m'dziko la eni, n'kulandira ndi manja awiri. "Zikomo Ngozo."

Apo m'pamene anaimirira n'kukuwa: "Ndani wataya Nangozo wamng'ono wa kabichi?" Mawuwo anawalandira wogulitsa nandolo, n'kupatsira wa chipisi, mpaka anaoloka phula. Posakhalitsa amayi anatulukira akuthamanga, duku lili m'manja.

Ndinkayembekezera kunyamulidwa. Ayi ndithu. Awiriwo anakhala pansi n'kuyamba kufunsana midzi, wakwatiwa kuti ndani, anavina ngoma pamaliro a yani. Atapeza kuti agogo ena a bambo anachokera kumudzi kwa mayiyo, anaseka n'kuwombana m'manja, ndipo m'pamene anandikumbukira. Azakhali anandikoka khutu lakumanzere pomwepo. Amayi anadikira kuti tioloke, n'kukoka lakumanja. Ndinalangidwa m'mayiko awiri tsiku limodzi.

Pano ndimakhala pa boma ku Ntcheu, ndipo ndili ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu. Sindimulola kufika ngakhale pageti. Asanadziwe kuwerenga zala zake ndinali nditamuphunzitsa kale kuti iye ndi Nambewe, bambo ake akundiseka kuti zachikale, bola nambala ya foni.

Vuto lake, tsopano amauza aliyense. Mwezi watha, mu minibasi yopita ku Dedza, anauza agogo ena osawadziwa. Agogowo anati nawonso ndi Nambewe, anamulanda pamiyendo panga, n'kundikalipira pamaso pa anthu kuti ndikumuyendetsa m'mphepo mdzukulu wawo wopanda chipewa. Ndinapsa mtima. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze kuti mwanayu ndi wanga, koma ndinaona kuti amufunditsa kale shawelo yawo, iye akuseweretsa mikanda yawo.

Ndinazindikira kuti kwathu kuno, tsidya lino kapena linalo, mwana wodziwa chiwongo chake sasowa womukalipira, ndipo womukalipirayo ndi yemweyo amene sangamusiye pamsewu. Ndinatseka pakamwa, n'kutsamira zenera. Kwa nthawi yoyamba chibadwire mwanayu, ndinagona tulo paulendo.