Ndinayambira Kuzira Pakhomo

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anasamutsidwa pa ntchito kuchoka ku Zomba kupita ku Mangochi. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo ndinali mwana wodzimva, moti ndikadzikumbukira lero ndimalakalaka nditadzikoka khutu. Sitinakakhale pa boma penipeni, koma pa kamsika kena m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay. Panali masitolo angapo a makonde aatali, mzikiti wopaka njereza, tchalitchi chofolera udzu, chigayo chomwe chinkalira tsiku limene chafuna, ndi mathandala oyanikapo usipa, omwe fungo lake linatilonjera tisanatsike n'komwe basi. Nyumba yathu inali ya boma, ya malata, pansi pake pa simenti. Amayi ankapakapo polishi wofiira, ndipo ine ndinkayenda m'tauniyo ngati kuti simentiyo ndinaumba ndine.

Sukulu inali mdadada umodzi wa zidina wofolera udzu, mazenera ake timabowo ta m'mwamba topanda galasi. Ofesi ya ahedi yokha ndiyo inali ndi simenti komanso chitseko chokhoma. Madesiki anali a Sitandade 8. Enafe tinkakhala pansi, kope pabondo. Zipinda zinali zochepa poyerekeza ndi makalasi, choncho chaka chilichonse kalasi imodzi inkaphunzirira panja, pansi pa mtengo wa bwemba. M'chilimwe zimenezi sizinkadandaulitsa munthu, pajatu kutentha kwa ku Mangochi kumakutulutsa m'nyumba usanafune. Koma nthawi ya dzinja, kumwamba kukangoda, aphunzitsi ankatseka buku n'kuuza ana kuti azipita kwawo. Anzanga a Sitandade 4 anali atakhala pa bwemba chaka chapitacho, ndipo ankatchula mayina a atsikana amene mvula inawabweza kunyumba kambirimbiri mpaka makolo awo anati basi, ingokhalani muzithandiza ntchito.

Chaka changa choyambacho, chipinda chakumapeto chinali chathu, koma a Sitandade 3 ankachiyang'ana ndi diso la nsanje. Tinawapatsanso chifukwa tokha. Pa tchuthi mbuzi zinkagona m'menemo, ndipo titatsegulira sukulu sitinakonze pansi. Panali maenje, fumbi lofika m'mphuno, ndi utitiri woti ukakhala pansi mphindi zochepa umayamba kuvina wopanda ng'oma. Tsiku lina Lachisanu, mvula itayandikira, ahedi analengeza pamzere wa m'mawa kuti chipinda n'cha amene akuchisamala. Anati Lolemba adzabwera kudzaona okha, ndipo akadzapeza pansi posazira bwino, a Sitandade 3 adzalowa, ife tidzapita ku bwemba mpaka chaka chithe.

Aphunzitsi athu, a Matewere, anatuma anyamata kukamweta udzu wotseka modontha padenga, ndipo atsikana anatipatsa ntchito yozira. Pofuna mtsogoleri maso awo anagwera pa ine, chifukwa ndinkakhala nambala wani pa mayeso komanso yunifolomu yanga inkakhala yosita.

"Lusiya, kuzira umadziwa?"

"Ndimadziwa, aphunzitsi."

Bodza limeneli linatuluka mosavuta ngati moni. Kuzira ndinali nditangokuonera patali, azimayi atagwada pakhonde akupaka dothi pansi ndi chikhatho, ndipo mumtima ndinkati nanga pamenepa chovuta n'chiyani. Kuvomera pamaso pa ana a asodzi kuti pali chinthu chimene iwo akudziwa ine osachidziwa, ndinaona kuti kuli bwino kufa.

M'kalasimo munali mtsikana wina dzina lake Asiyatu, wamkulu kuposa tonsefe, wamtali, wa manja olimba. Anali atabwerezapo kalasi m'mbuyomo, ndipo kuwerenga kunkamuvuta. Ankaima pa liwu lililonse ngati munthu wowoloka mtsinje podumpha pa miyala. Ine ndinali nditamusekapo kangapo. Iye ankandiitana kuti "ajangu", monga momwe a Chiyawo amaitanirana ndi mnzawo, ndipo ankandilankhula ndi "inu", koma sindinkadziwa ngati unali ulemu kapena chipongwe.

Aphunzitsi atachoka, ndinalamula kuti tikumbe dothi kuseri kwa sukulu, chifukwa panali pafupi. Asiyatu anatapa pang'ono, analinyowetsa, analifinya m'dzanja, ndipo atatambasula zala linangoyoyoka. Anandiuza mwakachetechete kuti dothilo n'lamchenga, silingagwire, ndipo labwino lili kudambo la kufupi ndi mtsinje. Atsikana onse anagwedeza mitu kuvomereza. Kugwedeza kumeneko n'kumene kunandipsetsa mtima.

"Aphunzitsi asankha ine, sanasankhe wobwereza kalasi," ndinatero.

Asiyatu anapukuta manja pa nsalu yake, anandiyang'ana, n'kuti, "Chabwino ajangu, zirani." Lachisanu tinkaweruka msanga chifukwa cha mapemphero a kumzikiti, ndipo belu litalira iye ananyamuka. Atsikana onse anamutsatira, Asilamu ndi Akhristu omwe. Anandisiyira mulu wa dothi langa lija, ndowa ziwiri za madzi, ndi utsogoleri wanga wonse.

Ndinati ndiwaonetsa. Sindinasese, sindinakwirire maenje. Ndinakanda dothi mundowa mpaka linakhala ngati phala la mwana, ndipo poti ndowayo inali pakhomo, ndinayambira pomwepo. Ndinagwada nditayang'ana kunja, ndikupaka kutsogolo kwanga mochindikala kuti pakongole, kwinaku ndikubwerera chammbuyo kulowa m'kati ndi ndowa yanga. Ndinagwira ntchito, zimenezo zokha musandimane. Thukuta linkalowa m'maso, mawondo anasupuka. Ndinkaganiza za nkhope ya Asiyatu Lolemba, ndipo mphamvu zinkabwerera. Ndinazindikira zomwe ndachita pamene msana wanga unagunda khoma la pansi pa bolodi. Kutsogolo kwanga konse kunali matope mpaka pakhomo, mazenera anali m'mwamba komanso aang'ono, ndipo ine ndinali pakona.

Ndinavundikira ndowa n'kukhalapo kudikira kuti paume. Sipanaume. Ntchentche zinandipeza, njala inandipeza, kenako misozi. Ndinachita mantha kuti amayi andifunafuna, koma manyazi anali aakulu kuposa mantha, moti sindinakuwe. Dzuwa litapendeka ndinaona chithunzithunzi pakhomo. Anali Asiyatu, mtima unali utamukana kukhala kunyumba. Anayang'ana matope, anayang'ana ine pandowa paja, ndipo anaseka mpaka anakhala pansi. Atapuma anati, "Tangopondani mutuluke, ajangu. Palibe chimene mukuwononga pamenepa."

Ndinaponda. Matope ankatuluka pakati pa zala za kumapazi, ndipo ndinasiya mapazi anga kuchokera pabolodi mpaka pakhomo. Nditafika pamene anakhala, ndinayang'ana pansi.

"Asiyatu, ine kuzira sindidziwa."

"Tonse tinaona kalekale," anayankha. "Timangodikira kuti munene."

Anavomera kundithandiza, koma anati anthu awiri sangathe chipinda chonse, ndipo atsikana enawo ndikawapemphe ndekha poti ndinawathamangitsa ndekha. Madzulo omwewo tinayenda khomo ndi khomo, iye patsogolo ine pambuyo, yunifolomu ili matope okhaokha. Kanali koyamba kulowa m'mipanda ya anzanga. Ndinaona makonde ozira akuda bii, osalala, ozizira kumapazi, aukhondo kuposa simenti yathu yomwe inali ndi ming'alu. Ena anandiseka, wina anandiuza kuti ndibwereze kupepesako kuti amayi ake amve nawo, koma palibe anakana. Kunyumba amayi atamva nkhani yonse sanandimenye monga ndinkayembekezera. Anaseka, n'kundiuza kuti iwo anakulira m'nyumba yozira ndipo pa atsikana a m'mudzi mwawo panalibe wowaposa pa ntchito imeneyi. Anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya langa mphunzitsi ali m'nyumba momwemo.

Loweruka m'mawa tinapeza ntchito yanga itang'ambikang'ambika, ikutukuka yokha. Tinaipala ndi makasu n'kukataya. Kenako tinapita kudambo, ulendo wotalikirapo ndithu, kumene dothi lake ndi lakuda, lomata, lonunkha mizu yowola. Asiyatu anandipangira nkhata, nandisenzetsa beseni laling'ono kuposa onse, komabe ndinafika nalo litatsala theka. Anandionetsa kuchotsa timiyala ndi udzu, kukwirira maenje ndi dothi lolimba n'kupondaponda, kusesa, kuwaza madzi, ndiyeno kupaka mopyapyala, chikhatho chikuyenda mozungulira. Tinayambira pakona yanga yomwe ija, titayang'ana kubolodi, tikubwerera chakukhomo. Ndikachindikalitsa ankandimenya kadzanja.

Tili ogwada moyandikana choncho ndi pamene anandiuza nkhani yake, osandiyang'ana n'komwe. Bambo ake anamwalira, ndipo iye ndi amayi ake ankasungidwa ndi amjomba ake, kutanthauza amalume, amene anali ndi mathandala a usipa kunyanja. Chaka cha pa bwemba chija amjombawo anatopa kumuona akubwerera kunyumba dzuwa lisanakwere, mabuku atanyowa. Anamuuza kuti amupatsa chaka chimodzi chokha, ndipo akadzamva kuti kalasi yake yabwereranso pansi pa mtengo, sukulu yathera pomwepo, azikayanika nsomba. "Inu mukapita ku bwemba, bambo anu akupezerani sukulu ina," anatero. "Ine ndilibe ina."

Ndinamva chisoni ndi manyazi a mtundu wina, osati aja a pandowa. Dzulo lake ndinkayesa kuti ndikumenyera ulemu wanga, osadziwa kuti chimene ndinanyamula m'manja mwanga mosasamala chinali sukulu ya munthu.

Lamulungu pansi panali patayamba kuuma, nthawi yabwino yokulunga ndi nkhulungo, timiyala tosalala tomwe amakhuzira pansi kuti patsekeke ndi kuwala. Akhristufe tinali kutchalitchi m'mawa, choncho Asiyatu ndi anzake a Chisilamu anayamba okha, ife tinawalandira masana. Palibe anatiuza kuti tigawane motero, zinangochitika. Ndinakhuza mpaka m'manja munatuluka matuza, ndipo pomaliza tinatseka pakhomo ndi minga kuopa mbuzi.

Lolemba tinaima panja pa mzere, a Sitandade 3 ali chapafupi ndi mabuku awo m'manja, okonzeka kulowa. Ahedi analowa okha. Tinkawaonera pakhomo akuyenda pang'onopang'ono, akukanda pansi ndi chidendene cha nsapato, kenako anawerama n'kupapasa ndi dzanja. Asiyatu anali pambali panga, ndipo ndinkamva kupuma kwake. Ahedi atatuluka anayang'ana chikhatho chawo, chinalibe fumbi. Ananena kuti chipinda chikhala cha Sitandade 4, nafunsa amene anatsogolera ntchitoyo. A Matewere analoza ine monyadira.

Ndisaname, chiyamikiro ndinkachikonda. Koma atsikana onse ankandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti ndikangomwetulira ndiye kuti ndadzitsekeranso pakona. Ndinauza ahedi kuti ine ndinawononga, wokonza ndi Asiyatu, ndipo ndi iye wandiphunzitsa. Ahedi anamuitana kutsogolo n'kumugwira chanza pamaso pa sukulu yonse. Mtsikana amene ankangoitanidwa kutsogolo akalakwa masamu, tsiku limenelo anasowa poyang'ana.

A Sitandade 3 sanakhalitse pa bwemba. Nkhani ya mpikisano wathu inafika kwa makolo, ndipo ena anachita manyazi kuti ana akulimbirana denga akuluakulu ali phee, moti dzinja lisanafike pakati anawamangira chisakasa. Mvula yoyamba inatipeza tili m'kati, pa dothi lathu lozizira. A Matewere anakweza mawu kuti apose mkokomo wa padenga, ndipo phunziro linapitirira. Kuyambira sabata imeneyo ndinkakhala pafupi ndi Asiyatu, ndipo tikaweruka tinkatsalira kuwerenga limodzi. Akalakwitsa liwu ndinkamumenya kadzanja, iye n'kuseka.

Mdadada uja kulibenso. Pamalopo pali zipinda za njerwa zowotcha, za malata ndi simenti, ndipo ana a masiku ano sadziwa kuti kalasi inkaziridwa. Ndimakondwera nazo, sindifuna mwana wina asupuke mawondo kuti apeze pophunzirira. Koma chimene ndinatola pakona paja ndakhala nacho m'ntchito zonse zomwe ndagwira. Kale ndinkayesa kuti munthu akabisa umbuli wake, akagwa amavulala yekha. Tsopano ndikudziwa kuti kawirikawiri amagwera wina amene alibe pothawira, ndipo mawu akuti "sindidziwa, ndiphunzitseni" amawawa kamphindi kochepa chabe pakamwa. Asiyatu sanakayanike usipa chaka chimenecho, kapena chotsatira chake. Anafika Sitandade 8, ndipo ife titasamukanso, makalata onse amene ndinkalandira kuchokera kwa iye ankalemba yekha.